Ndithandizeni: ampulifaya ya besi yopepuka yoti ndiziyenda nayo m'maukwati ndi m'matchalitchi kuno ku Mulanje

Wofunsa, wa ku Chitakale

Moni nonse a m'gulu muno, akuluakulu komanso oyimba anzanga. Ine ndimayimba gitala ya besi mu bandi yaing'ono ya kuno ku Mulanje. Tili ndi wa ng'oma, wa kiyibodi, wa lidi, ineyo, ndi mlongo wathu amene amatsogolera nyimbo. Ntchito zathu ndi za m'zinkhoswe, maukwati, misonkhano ya mpingo, nthawi zina m'maholo a sukulu, nthawi zina panja pansi pa tenti. Anthu akachuluka amakwana ngati 200, koma kawirikawiri safika pamenepo.

Vuto langa ndi katundu. Ampulifaya imene ndili nayo ndi yakalekale ija ya sipika yaikulu ya mainchesi 15, anandisiyira ndi amalume anga. Kulira imalira bwino, sindingainamizire. Koma kulemera kwake, abale, munthu mmodzi sanyamula. Galimoto tilibe. Tikaitanidwa ku Limbuli kapena ku Nkando ndiye kuti ndi minibasi, ndipo kondakitala akangoiona amati ilipire mpando wakewake. Tikatsika pa msewu waukulu kulowera m'midzi ya kuseri kwa minda ya tiyi, ndi kabaza basi, ndipo a njinga zamoto ambiri amakana. Msana wanga nawonso wayamba kundidandaulira, chikhalirecho ndikadali mnyamata.

Ndakhala ndikusunga ndalama pang'onopang'ono, ndipo achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg akuti akhoza kuonjezerapo n'kundigulira konko. Ndikufuna ya bokosi limodzi, ampulifaya ndi sipika pamodzi, yoti ndinyamule ndi dzanja limodzi gitala ili kumsana. Ndaona Fender Rumble 40 ndi Rumble 100 pa intaneti. Mtima wanga uli pa 40 chifukwa ndi yotsikirako mtengo ndipo akuti imalemera makilogalamu 8 okha. Koma kodi mawati 40 angamveke pamene wa ng'oma wathu watenthedwa? Nanga zopepukazi zimalimba ndi magetsi athu akuno komanso jenereta? Amene munagwiritsapo ntchito, chonde ndiuzeni zoona zokhazokha, ndalama yake sindidzaipezanso kawiri.

Woyimba besi wa ku Limbe

Achimwene, 40 ija isiyeni ngati mu bandi mwanu muli ng'oma zenizeni zomenya ndi timitengo. Ndi yabwino kwambiri poyeserera kunyumba kapena mu tchalitchi chaching'ono chimene mulibe ng'oma, koma pa ukwati mudzaitsegula mpaka kumapeto, anthu akumbuyo osamva kanthu, inuyo n'kumakoka zingwe mwamphamvu mpaka zala kutupa. Besi imadya mphamvu zambiri kuposa lidi. Chingwe chachikulu chija cha E chimanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi, ndipo kuti mawu otsika chotero amveke sipika iyenera kukankha mpweya wambiri. N'chifukwa chake wa lidi amasokosa ndi mawati 30 pamene inu mukuvutika ndi 40.

Rumble 100 ili ndi sipika ya mainchesi 12 ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 10. Kusiyana ndi 40 ndi makilogalamu awiri okha, pa kabaza simungazindikire n'komwe. Ine ndikanakhala inu ndikanadikira miyezi ingapo ndalama ikwane ya 100.

Mkulu wa kwaya, Bvumbwe

Mwana wanga, ine ndiyankhula zosiyana ndi anzanuwa, mundikhululukire. Chakalecho musachitaye. Ife pa mpingo pathu tili ndi ampulifaya ya Peavey TNT imene inabwera ine ndisanamere imvi, mpaka lero ikutumikira. Yagwapo pa lole, yanyowapo ndi mvula, koma tikapita nayo kwa wokonza mawailesi imabwera ikulira. Zatsopano zopepukazi ndaona achinyamata akugula, pakangotha chaka zili pakona zafunditsidwa nsalu. Kulemera kumene mukudandaulako ndi thiransifoma ndi maginito, ndiye mtima wake wa chinthucho. Bwanji osangopeza mawilo anayi n'kumangirira pansi pake?

Wofunsa

Zikomo bambo, mawu anu ndawamva ndipo sindikuwapeputsa. Kugulitsa sindigulitsa, ndi chikumbutso cha amalume, izikhala ku tchalitchi kwathu kumene sikufunika kuinyamula. Koma mawilo kuno sathandiza. Njira zathu mukuzidziwa, matope ofiira nthawi ya dzinja, miyala ndi zitunda. Ngakhale pa Chitakale pomwe, kuchoka kunyumba kukafika pa siteji ndi ntchito.

Wokonza mawailesi ndi zokuzira mawu ku Luchenza

Ndilowererepo poti zinthuzi zimathera pa tebulo langa. Abambo a ku Bvumbwe sakunama, koma nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri.

Zakale zija zimalemera chifukwa mkati muli thiransifoma yaikulu ya chitsulo ndi waya wa kopa, zitsulo zoziziritsira, komanso bokosi la matabwa okhuthala. Zatsopanozi amazitcha Class D. Sizitentha kwambiri, thiransifoma yaikulu ija mulibe, m'malo mwake muli kabolodi kakang'ono ngati ka mu kompyuta, ndipo bokosi amapanga ndi pulayiwudi yopepuka. Zina zodula amaikamo maginito a neodymium amene ndi aang'ono koma amphamvu. Choncho kupepuka sikutanthauza kuti akuberani, mphamvu ilimo ndithu.

Pamene pali vuto ndi apa. Yakale ikapsa thiranzisita, ndimakapeza ina ku Limbe kapena ndimachotsa mu ampulifaya ina yakufa, madzulo mwiniwake wanyamula. Yatsopano ikapsa, tizipangizo take ndi tating'onoting'ono tomatidwa pamwamba pa bolodi, ndipo nthawi zambiri mankhwala ake ndi kusintha bolodi yonse. Bolodiyo muitanitse kunja, mudikire. Ndiye ngati mwasankha yopepuka, muyenera kuiteteza kuposa mmene mumachitira ndi ya amalume anuyo.

Zimene zimapha zinthuzi kwathu kuno ndazionera ndekha. Choyamba ndi jenereta zazing'ono zija za pa ukwati. Munthu amaliza jenereta zida zonse zili zolumikiza kale, mphamvu imabwera modumpha, basi utsi. Muziyamba mwaliza jenereta, ikhazikike kaye, kenako mulumikize, ampulifaya ikhale yomaliza kuyatsa ndiponso yoyamba kuzimitsa. Mafuta akamatha jenereta imayamba kutsokomola, pamenepo thamangani mukazimitse musanamalize n'komwe nyimbo. Ndipo musalole kuti pa waya wanu alumikizepo firiji ya zakumwa kapena ketulo. Magetsi akathima muli pakati poyimba, zulani pulagi kukhoma, chifukwa pobwera ndi pamene amawononga. Gulani kachipangizo koteteza kaja kamene anthu amaika pa firiji, kamene kamadikira kaye magetsi akabwera, mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi bolodi. Ngati mukagwiritse ntchito sola ndi inivetala, ikhale ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a kukhoma, zotchipa zija zimalowetsa phokoso mu sipika ndipo zimatopetsa zida.

Chinanso chimene anthu a ku Lilongwe sangakuuzeni ndi chinyezi. Kuno ku Thyolo ndi Mulanje chiperoni chikagwa mu June ndi July, chilichonse m'nyumba chimazizira n'kunyowa. Timabowo tolowetsa majaki timachita dzimbiri, timakombero tokuzira mawu timayamba kukhekhereza, pepala la sipika limafewa. Musamaisiye pansi pa simenti usiku, ikani pa thabwa kapena pa mpando, ndipo musokeretse chikwama chake kwa telala, cha kansalu kokhuthala kosalowa madzi. Mphemvu nazo zimakonda kukagona mkati mofunda.

Mayi woyimba kiyibodi, Makwasa

Achimwene, muwauze achimwene anu a ku Joni aonetsetse kumbuyo kwake kuti palembedwa 230V kapena 220 mpaka 240V. Magetsi athu ndi a 230V, a ku South Africa ndi chimodzimodzi, ndiye zogula m'sitolo konko zilibe vuto. Koma zakaunjika zina zimachokera ku America kumene amagwiritsa ntchito 120V, mukangolumikiza kuno yapita tsiku lomwelo. Mnzathu wina anatumiziridwa ndi m'bale wake wa kunja, sinayimbe ngakhale nyimbo imodzi. Pulagi ya ku Joni ndi ya mano atatu obulungira, yathu ndi ya mano atatu amakona ngati ya ku UK, koma chimenecho n'chaching'ono, mumangosintha chingwe.

Muwerengerenso ndalama ya basi ndi msonkho wa pa boda ku Mwanza musanasangalale ndi mtengo wa m'sitolo. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chimafika chitakwera kuposa mmene munawerengera.

Woyendetsa zokuzira mawu m'maukwati, Thyolo boma

Onse akukamba za mawati, koma ine ndikuti yang'anani kumbuyo ngati kuli potulukira XLR, kabowo ka mano atatu kaja kolumikizira ku mikisa. Chimenechi ndiye chimakupulumutsani. Pa maukwati ambiri masiku ano pamakhala kale masipika aakulu a ife oyendetsa mawu. Mukandipatsa waya kuchokera pa XLR, besi yanu ndimaitulutsa mu masipika anga, ampulifaya yanu n'kungokhala yoti muzidzimvera nokha ndi wa ng'oma. Rumble 40 ndi 100 zonse zili napo, pamodzi ndi kabatani ka ground lift kochotsera kulira kwa "mmmm" kuja. Rumble 25 ilibe, ndiye wina asakunyengeni nayo chifukwa cha mtengo. Ampeg RB-112 nayonso ndi ya mawati 100, sipika ya mainchesi 12, XLR ilipo, ngati achimwene anu angaipeze motsikirapo musaikane.

Za mawatizi anthu amanamizidwa kwambiri. Kuchoka pa 100 kufika pa 200 sikuti phokoso limawirikiza kawiri ayi, limangokwera ndi madesibelo atatu, khutu limamva kuti zakwera pang'ono chabe. Komanso muziwerenga bwino. Rumble 200 payokha imatulutsa mawati 140, imafika 200 pokhapokha mutalumikiza bokosi lina la sipika. Rumble 500 payokha ndi 350. Zonse ziwiri zimapitirira makilogalamu 15, ndiye mwabwereranso ku mkangano ndi a kabaza.

Panja pansi pa tenti popanda masipika aakulu, ndikuuzeni chilungamo, 100 idzachepa. Panja palibe khoma lobweza mawu, besi imangomwazika. Koma mu holo kapena mu tchalitchi cha malata imakwana bwinobwino, makamaka mukaiika pansi pafupi ndi khoma. Ndipo m'nyumba za malata ndi simenti musamakweze kakombero ka bass, mumangodzaza chipinda ndi mkokomo wopanda tanthauzo. Tsitsani bass pang'ono, kwezani mid (kakombero ka mawu apakati), mudzamva manotsi anu akutuluka limodzilimodzi ngakhale wa kiyibodi akusewera ndi dzanja lamanzere.

Woyimba besi wa ku Limbe

Apa akulu anena zoona, za mid zija ndi zimene ambiri sadziwa. Ndionjezere kuti amene ali ndi thumba lalikulu amathamangira Markbass ya ku Italy, ya sipika yachikasu ija. Mini CMD 121P imalemera pafupifupi makilogalamu 13 koma imatulutsa mawati 300 payokha, panja imalimba mtima. Kungoti mtengo wake mungagule nawo Rumble 100 zingapo, ndipo kwa bandi ya m'zinkhoswe sindikuona kuti ingabweze ndalama yake msanga.

Mkulu wa kwaya, Bvumbwe

Chabwino, ndamva zimene afotokoza a ku Luchenza, ndipo poti yakaleyo mukuisunga mtima wanga wakhala pansi. Pempho langa ndi limodzi. Ikafika musamabwereketse. Zida za oyimba zimafera m'manja mwa obwereka, amene sanaikhetsere thukuta sasamala kuti jenereta ikutsokomola.

Wofunsa

Abale, mwandithandiza kuposa mmene ndimayembekezera. Za 40 ndazisiya. Ndawatumizira achimwene uthenga kuti ayang'ane Rumble 100 kapena Ampeg RB-112, imene ipezeke pa mtengo wabwino, yatsopano ya m'sitolo yokhala ndi lisiti, ndipo andijambulire kumbuyo kwake ndione 230V ndi XLR ndi maso anga asanalipire. Ntchito za panja ndizikambirana ndi oyendetsa mawu kuti azindipatsa waya wa ku mikisa, zikakanika ndiye tizichita hayala galimoto n'kunyamula ya amalume.

Funso latsala kwa inu a ku Luchenza. Besi yanga ndi ya zingwe zinayi, koma ndikulakalaka ya zisanu chaka chamawa chifukwa nyimbo zambiri za mu tchalitchi masiku ano zikufuna B wotsika uja. Kodi sipika ya mainchesi 12 idzapirira, kapena ndidzaing'amba?

Wokonza mawailesi ndi zokuzira mawu ku Luchenza

Idzapirira mukamaimvera. B ameneyo amatsika mpaka kunjenjemera ka 31 pa sekondi, ndipo bokosi laling'ono silingamutulutse mokwanira ngati mmene amamvekera pa masipika aakulu, koma notsi yake idzamveka. Chimene chimang'amba sipika ndi kukweza bass ndi voliyumu zonse pamodzi pofuna kukakamiza kugunda kumene bokosilo lilibe. Mukangomva ikuyamba kupwepweta pa chingwe chimenecho, bwezani bass m'mbuyo nthawi yomweyo, kugundako kusiyireni masipika a ku mikisa. Ikadzafika mudutse nayo kuno musanapite nayo ku ukwati woyamba, tidzayese jenereta imene mumabwereka ija ndi mita kuti tione ngati ikutulutsa mphamvu yoyenera.