Ketamine kwa peshenti wa depression, tingayese pa district?

CO (clinical officer) wa ku OPD: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndili ndi mayi wina wazaka za mma 30, depression yeniyeni, sakudya sakugona, ntchito zapakhomo anasiya, PHQ-9 (mafunso oyezera kukula kwa depression) tsiku loyamba inali 21. Anayamba ndi amitriptyline koma ankadandaula kuuma kukamwa ndi tulo masana nde tinamusinthira fluoxetine 20mg, pano miyezi iwiri yakwana kusintha kulibe kwenikweni. Mchimwene wake ali ku UK akungoimba foni kuti kunja anthu akuchira ndi ketamine (mankhwala ogonetsera anthu pa opareshoni) bwanji osampatsa poti ku thiyeta ilipo. Ndawerenga ndapeza kuti nzoona ena amapereka off-label (kutanthauza pa matenda amene mankhwalawo sanavomerezedwere), 0.5mg pa kilo mu dilipi kwa mphindi 40. Alipo anayesapo? Mayiyu akundimvetsa chisoni, ana ake ndi ang'onoang'ono

Wa anaesthesia: Achimwene ketamine ndimaigwira tsiku ndi tsiku, ndikupempheni musayambe. Ngakhale dozi yochepayo BP imakwera, mtima umathamanga, ena amaona zinthu zachilendo nkuyamba mantha, pamafunika monitor, oxygen ndi munthu wokhala pambali mpaka maola awiri. Ndiye vuto lalikulu nloti mphamvu yake pa depression imatha pakangopita masiku, mwina sabata, muyenera kumabwereza. Adzabwereza ndani inu mukakhala pa tchuthi? Komanso ketamine yomweyi ndi imene timadalira pa ma emergency usiku.

Wa ku pharmacy: Ndionjezepo. Off-label sikutanthauza kuti nzoletsedwa ayi, timachita daily. Misoprostol anapangidwira zilonda za m'mimba koma onani mmene akupulumutsira amayi ku labour ward, nifedipine ndi wa BP koma timaletsera labour ikayamba masiku asanakwane. Kusiyana kwake izizi zili mma guidelines athu, chikachitika china muli ndi pogwira. Ketamine wa depression mu MSTG (ma guidelines a chithandizo a kuno ku Malawi) mulibe, mu mhGAP (ma guidelines a mental a WHO) mulibenso. Amene achimwene akewo akumva mwina ndi esketamine wopopera mmphuno uja Spravato, FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, inamuvomereza mu 2019 kwa anthu oti mankhwala awiri alephera atamwa dozi yokwanira nthawi yokwanira, ndipo amaperekera ku clinic konko akukuyang'anira. Zikavuta a Medical Council adzafunsa amene analemba osati wa ku UK uja

Nesi wa mental: Bwana CO tisanafike patali ndifunseko. Amitriptyline anali wa dozi yanji, kwa nthawi yaitali bwanji? Fluoxetineyo mwawerenga makapusozi otsala? Amamwa nthawi yanji? Munafunsa ngati anakhalapo ndi masiku osagona koma ali ndi mphamvu zambiri, kulankhulalankhula, kumwaza ndalama? chifukwa ngati ndi bipolar nkhani yonse isintha. Mowa, ma ARV, nkhanza za kunyumba, mwana womaliza anabadwa liti. Ndipo za maganizo ofuna kudzipha mumufunse mosapsatira, kufunsa sikumuika maganizowo, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa.

CO wa ku OPD: Zikomo sister, mawa akubwera ndi gadiyani ndifunsa zonsezi

CO wa ku OPD: Ndabweranso akuluakulu. Mu buku lake amitriptyline anali 25mg usiku, anamwa masabata awiri okha. Fluoxetine mwezi woyamba analandira, wachiwiri anapeza atatha nde anangobwerera, ndipo pa 30 oyamba aja 13 akadali mkapepala. Akuti amamwa tsiku limene mtima wavuta kwambiri ngati mmene timachitira ndi panado, komanso amamwa pokagona nde tulo osabwera. Za bipolar palibe, mowa samwa, HIV negative. Koma wandiuza akulira kuti nthawi zina amaganiza bola kungofa, ndipo mnyumba muli tameki wa makoswe.

Nesi wa mental: Ndiye mayiyu mankhwala sanamukanike, sanalandirebe chithandizo chokwanira. Amitriptyline 25mg ndi poyambira chabe, wa depression amafika 75 mpaka 150. Lero lomwe tameki achoke mnyumbamo, ndi amitriptyline wotsala yense abweze, ameneyo munthu akamwa wambiri amaononga mtima. Gadiyani asunge mankhwala ndipo asamusiye yekha nthawi yaitali. Fluoxetine ayambirenso 20mg mmawa uliwonse atadya, mumuuze momveka kuti sagwira tsiku lomwelo, pamatenga masabata awiri mpaka anayi kuti ayambe kumva kusintha ndipo masiku oyamba mseru ndi kusakhazikika zimatheka, asasiye. Poti pali maganizo amenewo mumuone pakatha sabata osati mwezi. Pakatha masabata 4 mpaka 6 akumwa bwinobwino PHQ-9 osatsika, kwezani 40mg. Ndipo mapilitsi okha sakwana, mumutumize kwa ine kapena kwa counsellor tizikhala naye pansi nkumamasula mavuto ake limodzilimodzi monga amachitira a Friendship Bench, pulogalamu ya uphungu ija. Akanena kuti wakonza njira kapena tsiku, ameneyo ndi wogoneka mchipatala basi osadikira.

Wa ku pharmacy: Fluoxetine tinalandira sabata yatha, lembani wa masabata awiriawiri ndizimusungira asadzabwererenso chimanjamanja. Zikadzakanikabe pa 40mg nde mwina madokotala a mental angaganize zoonjezera risperidone pang'ono, nayonso ndi off-label pa depression ndipo fluoxetine amakweza mlingo wake mmagazi, choncho zimenezo asankhe ndi a ku Zomba Mental, Room 6 ku Queens kapena St John of God, chifukwa chake chilembedwe mu buku ndipo peshenti avomere atamvetsa.

CO wa ku OPD: Ndamva zonse. Gadiyani ndi mchemwali wake, wapita kukachotsa tameki uja abwera ndi amitriptyline masana ano. Mchimwene wa ku UK ndimuimbira mayiyu ali pompo ngati angalole, ndimuuze kuti akafuna kuthandiza azitumiza ya transport yobwerera ku review. Sister Lachinayi mmawa mulipo?

Nesi wa mental: Ndilipo, abwere 8 koloko anthu asanachuluke