Andipatsa mapologalamu a Ramadhani pa wayilesi koma sindine Msilamu, ndisamale ndi ziti?

Mkonzi wa mapologalamu

Moni nonse pa gulu. Ndimagwira ntchito pa wayilesi ina yaing'ono ya m'dera, ndipo andiuza kuti ndikonze mapologalamu anayi a mphindi 30 okhudza Ramadhani ndi Idi. Ine ndine mayi wachikhristu, Chisilamu ndimachidziwa patalipatali, pamene omvera athu ambiri ndi Asilamu. Kodi pa kusalako ngakhale madzi saloledwa? Ndikafika pa mzikiti ndi chojambulira mawu ndichite chiyani, ndisachite chiyani? Nanga bwanji tsiku la Idi limadziwika usiku woti mawa ndi Idi?

Chinanso chikundivuta ndi nkhani zakunja. Zimabwera m'Chingerezi, ife n'kumasulira. Pakakhala mawu oti "Islamist militants" kapena "jihadists", ena amangolemba kuti "zigawenga za Chisilamu", ndipo omvera amaimba foni kudandaula. Tizinena bwanji? Chonde odziwa ndithandizeni.

Mwalimu wa madrasa, Machinga

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanalowe mu situdiyo. Choyamba samalani lilime pa mawu awiri oyandikana: kusala ndi kudziletsa kudya, pamene kuswali ndi kupemphera, ndipo pempherolo ndi swala. Pa wayilesi munthu akathamangitsa mawu zimasakanikira. Kusala mudzamvanso tikukutchula kuti swaumu kapena kufunga.

Kusala kumayamba m'bandakucha, pa nthawi ya swala ya Fajr, dzuwa lisanatuluke, n'kutha dzuwa likangolowa pa Maghrib. Kuno kwathu amakhala maola pafupifupi 13. Mkati mwa nthawi imeneyo palibe kudya, palibe kumwa ngakhale dontho la madzi, palibe kusuta fodya, ndipo okwatirana sakhalira limodzi. Chakudya cha m'mamawa kusanache ndi daku. Chomasulira madzulo ndi futari, ndipo ambiri amayamba ndi tende kapena madzi, kenako phala ndi zina zomwe banjalo lakwanitsa.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amanena molakwika. Kumeza malovu sikuononga swaumu, choncho musanene kuti Asilamu amalamulidwa kulavula. Komanso munthu akadya kapena kumwa moiwala, amangoleka pomwe wakumbukirapo n'kupitiriza, tsikulo silinaonongeke.

Si aliyense amasala. Ana osatha msinkhu sakakamizidwa. Wodwala ndi wapaulendo amaloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo pambuyo pake, zili mu Qur'an pa sura 2, ndime 184 ndi 185. Amayi omwe ali kumwezi kapena angochira kumene sasala, amadzabweza. Woyembekezera ndi woyamwitsa akaona kuti thanzi lake kapena la mwana lili pa chiopsezo amamasula. Okalamba ndi odwala matenda osayembekezeka kuchira amapereka fidya, kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Gawo limeneli musalidumphe, ndipo muitane wachipatala akhale limodzi ndi shehe, chifukwa pali anthu a matenda a shuga ndi ena omwa mankhwala a tsiku ndi tsiku omwe amadzikakamiza kusala kapena kusintha okha nthawi ya mankhwala. Chipembedzo sichinawalamule kudzivulaza.

Mayi wa komiti ya azimayi pa mzikiti

Mwanawe, za pa mzikiti ndikuthandize ine. Usangotulukira ndi chojambulira. Pita dzulo lake ukaonane ndi imamu kapena a komiti, unene wayilesi yako ndi chomwe ukufuna, akuuze nthawi ndi pokhala. Vala zofika m'mapazi ndi za manja aatali, tenga mpango wakumutu. Nsapato zimatsala pakhomo. Mizikiti yambiri ili ndi khomo ndi mbali ya azimayi, funsa akulozere.

Anthu akaima pa mizere kuswali usadutse kutsogolo kwawo, ndipo usayankhulitse munthu mpaka atatembenuzira nkhope kumanja ndi kumanzere popereka salamu. Pamenepo ndiye kuti wamaliza. Abambo ena sagwirana chanza ndi mayi yemwe si m'bale wawo, usakhumudwe, dikira uone ngati atambasula okha dzanja. Akakupatsa moni woti Assalaamu alaikum, yankho ndi Wa alaikumus salaam.

Nthawi yabwino yocheza ndi anthu ndi m'mawa cha m'ma 9 koloko kapena itangotha swala ya Asr, ya chakumadzulo dzuwa lisanalowe. Dzuwa likamapendeka azimayi ali pa moto, aliyense maganizo ali pa futari, sudzapeza woyankha mofatsa. Lachisanu masana, shehe akamapereka khutba, womwe ndi ulaliki, anthu saloledwa kuyankhula, choncho ika chojambulira chako iye asanakwere, ukhale phee.

Ukajambula kuwerenga kwa Qur'an, usaike nyimbo pansi pake ndipo usadule ndime pakati. Funsa wowerengayo pomwe ndime yathera. Ndipo chonde ucheze ndi azimayi eni ake. Nthawi zambiri za hijabu amafunsa abambo okhaokha, ovalawo ali pomwepo. Zithunzi za pa Facebook upemphe kaye, ena safuna nkhope zawo pa intaneti.

Mtolankhani wa nkhani zakunja

Ndiyankhe za kumasulira, chifukwa pamenepo ndi pomwe wayilesi imalakwira anthu tsiku ndi tsiku osazindikira. M'Chingerezi "Islamic" ndi "Islamist" ndi mawu osiyana. Loyamba likunena chinthu cha chipembedzo cha Chisilamu, lachiwiri likunena anthu omwe akufuna kugwiritsa ntchito chipembedzocho pa ndale ndi ulamuliro. M'Chichewa tilibe mawu awiri otero, ndiye womasulira akafulumira onse amagwera pa "za Chisilamu". Agogo akumva wayilesi kumudzi amamva kuti zigawengazo ndi za chipembedzo chawo, kapena za chipembedzo cha aneba awo.

Njira yake ndi kutchula dzina la gulu ndi malo. Nenani kuti "zigawenga za gulu la Boko Haram kumpoto chakum'mawa kwa Nigeria", kapena "zigawenga za al-Shabaab ku Somalia". Ngati nkhaniyo ikufuna kufotokoza zolinga zawo, ikani mawuwo m'kamwa mwawo: "gululi limati likumenyera ulamuliro wa Chisilamu". Mukatero mwanena zoona, ndipo simunawavomereze.

Samalani kwambiri ndi nkhani za ziwawa za ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique, chifukwa ndi kwa aneba athu ndipo omvera ena ali ndi abale ku Mozambique. Ziwawazo zinayamba mu Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia, ndipo mu Malichi 2021 zigawengazo zinaukira tawuni ya Palma. Anthu akumeneko amazitchula kuti al-Shabaab, koma si gulu limodzi ndi la ku Somalia lija, musaziphatikize. M'mbali mwa nyanja ya m'chigawo chimenecho anthu ambiri ndi Asilamu, kotero ambiri mwa ophedwa ndi othawa kwawo ndi Asilamu omwe. Nkhani ikasiya mfundo imeneyi, womvera amaganiza kuti ndi nkhondo ya Asilamu ndi Akhristu.

Pa nkhani za kuno kwathu, musanatchule chipembedzo cha munthu dzifunseni ngati chikukhudza nkhaniyo. Munthu akaba mbuzi sitilemba kuti "Mkatolika wamangidwa", ndiye "Msilamu wamangidwa" sizikuyeneranso. Chimodzimodzi zithunzi: musatenge chithunzi cha mzikiti wamba kapena mayi wovala hijabu n'kuchiika pamwamba pa nkhani ya bomba. Anthu ambiri pa Facebook amaona chithunzi ndi mutu basi, nkhaniyo sawerenga.

Womvera wina

Pepani akuluakulu, ndifunse nawo mosafuna kunyoza. Magulu amenewa amadzitcha okha a Chisilamu, amafuula Allahu Akbar, amati akuchita jihad. Kodi wayilesi ikapewa kunena zimenezi sikubisa chilungamo?

Mtolankhani wa nkhani zakunja

Achimwene, funso lanu ndi loyenera. Palibe akuti tibise. Zomwe gulu likunena zinenedwe, koma zimveke kuti ndi gululo likunena. Taonani za Lord's Resistance Army ya Joseph Kony ku Uganda. Ankati akufuna kulamulira dziko potsatira Malamulo Khumi, uku akuba ana ndi kupha anthu, koma nkhani zinkawatchula ndi dzina lawo, sizinkati "zigawenga za Chikhristu". Muyeso womwewo ugwire ntchito mbali zonse. Ndipo nkhani ikhale ndi mbali inayo: mu 2014 akuluakulu a maphunziro a Chisilamu oposa 120 ochokera m'mayiko osiyanasiyana analembera kalata mtsogoleri wa gulu lodzitcha Islamic State, kutsutsa zochita zake ndi umboni wa m'chipembedzo momwemo. Zoterezi sizimveka kawirikawiri pa mawayilesi athu.

Mwalimu wa madrasa, Machinga

Ndiwonjezere pa mawuwo, chifukwa amatipweteka akamamveka pa nkhani za imfa zokha. Allahu Akbar ndiye kuti Mulungu ndi wamkulu. Ndi mawu oyamba a adhana, kuitanira ku swala, ndipo Msilamu amawanena poyamba swala, powerama, pogwetsa nkhope pansi ndi podzuka. Swala zokakamizidwa pa tsiku ndi zisanu, za maraka (magawo a swala) 17: Fajr 2, Dhuhr 4, Asr 4, Maghrib 3, Isha 4. Werengani nokha kuti mawuwa amatuluka kangati m'kamwa mwa munthu wamba yemwe sanagwirepo mfuti. Allah ndi dzina la Mulungu m'Chiarabu, ndipo Akhristu achiarabu amalitchulanso m'matchalitchi mwawo.

Jihad kwenikweni ndi kulimbikira pa njira ya Mulungu. Kulimbana ndi zilakolako zako kuli momwemo, kunena chilungamo pamaso pa wolamulira wankhanza kuli momwemo. Nkhondo ilimonso, sindikukana, koma ili ndi malamulo ake: sailengeza munthu wamba aliyense, ndipo kupha amayi, ana ndi anthu osamenya nawo nkhondo n'koletsedwa. Fatwa ndi yankho la shehe wodziwa malamulo pa funso lomwe wafunsidwa, ngakhale la jakisoni pa nthawi ya swaumu. Si chilango cha imfa.

Tsopano za Idi. Kalendala yathu imatsata mwezi wakumwamba. Mwezi umakhala ndi masiku 29 kapena 30, chaka chimakhala ndi masiku 354 kapena 355, n'chifukwa chake Ramadhani imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Madzulo a tsiku la 29 anthu amayang'ana kumadzulo dzuwa litangolowa. Mwezi watsopano ukaoneka, mawa ndi Idi. Ukapanda kuoneka timakwanitsa masiku 30. Ndiye konzani mapepala awiri a zolengeza, ndipo musaulutse poona kuti ku Saudi Arabia alengeza. Dikirani chilengezo cha atsogoleri a Chisilamu a kuno, ngati a Muslim Association of Malawi, ndi cha boma pa za tchuthi.

Musasakanize ma Idi awiri. Yotseka Ramadhani ndi Eid ul-Fitr, ndipo chachikulu chake ndi zakaatul fitr: mutu wa banja amapereka chakudya chodalirika cha m'deralo, monga mpunga kapena chimanga, makilogalamu pakati pa 2.5 ndi 3 pa munthu aliyense wa pakhomo pake, swala ya Idi isanachitike, kuti osauka nawonso adye tsikulo. Yozinga mbuzi ndi ng'ombe ndi Eid ul-Adha, imabwera patatha miyezi iwiri ndi masiku ochepa, nthawi ya Hajj, ulendo wa ku Makka. Zakaat ya chuma ndi inanso: 2.5 pa 100 ya chuma chomwe chakhala chaka chathunthu chitafika mlingo wa magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva.

Mkonzi wa mapologalamu

Zikomo kwambiri a Mwalimu, amayi ndi nonse, ndalemba zonse. Mafunso awiri otsiriza. Omvera akaimba foni ena amati "Anasala", kodi ndiwasiye? Ndipo alendo a mu situdiyo ndiwapeze bwanji kuti pasakhale odandaula kuti tawasiya?

Mayi wa komiti ya azimayi pa mzikiti

Usawasiye, mwanawe. Asilamu ambiri salikonda dzina limenelo, limamveka lonyoza. Usamukalipire woimbayo, mwina anakula akulimva choncho, ungobwereza funso lake iwe ukunena kuti "Asilamu". Mmodzi ndi Msilamu, chipembedzo ndi Chisilamu. Komanso usanene "Ayao" pamene ukutanthauza Asilamu. Ayao ambiri ndi Asilamu, inde, makamaka ku Mangochi, Machinga ndi Balaka, koma alipo Ayao achikhristu, ndipo ku Nkhotakota kuli Achewa ambiri achisilamu kuyambira nthawi ya a Jumbe m'zaka za m'ma 1800. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 pa 100 ya anthu a m'dziko muno, ndipo ali m'maboma onse. Ukatchula Mtumiki Muhammad udzamva alendo ako akuwonjezera mawu omupempherera madalitso ndi mtendere, apatse mpata amalize usanapitirize.

Mtolankhani wa nkhani zakunja

Za alendo, achemwali, kumbukirani kuti Asilamu a ku Malawi sali pansi pa bungwe limodzi. Pali Muslim Association of Malawi, palinso Quadria Muslim Association of Malawi, ndipo amasiyana pa zina, monga sikiri (kuimba kotchula dzina la Mulungu) pa maliro ndi sadaka za pambuyo pa maliro. Mapologalamu anu ndi anayi, choncho sinthanitsani: mlungu uno shehe wa mbali iyi, mlungu wamawa wa mbali inayo, ndipo muwauziretu onse kuti mutu ndi Ramadhani, osati kusiyana kwawo. Mafunso muwatumizire kukadali masiku awiri kuti akonze ndime zomwe adzawerenge. Ngati pologalamu ikuuluka pompopompo madzulo, ithe kukadali mphindi zosachepera 40 dzuwa lisanalowe kuti alendo akafike kwawo kapena ku mzikiti. Zikakanika, ikani madzi ndi tende mu situdiyo, ndipo mupume nthawi ya Maghrib ikakwana kuti amasule ndi kuswali.