Chitsime cha kumunsi kwa munda

Achemwali: Moni nonse. Ndamva kuti amalume agula kale mankhwala ophera udzu. Tikambirane mvula isanagwe, chifukwa chitsime chomwe mlamu amamwa chili kumunsi kwa munda, ndipo mimba yake yakwana miyezi 6.

Amalume: Ndagula atrazine, mwana wanga. Zaka zonsezi timamwa madzi omwewo, palibe anadwala.

Achemwali: Ife akuluakulu sitingamve kanthu, amalume, koma mwana ali m'mimba ndi nkhani ina. Atrazine sakhazikika m'dothi. Mvula ikagwa mutangopopera, amatsika ndi madzi mpaka m'zitsime. N'chifukwa chake bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union linamuletsa mu 2004. Ku Indiana, ku America, kafukufuku wa 2009 anapeza kuti amayi omwe ankamwa madzi okhala ndi atrazine m'miyezi itatu yomaliza ya mimba ankabereka ana ochepa thupi kawirikawiri kuposa anzawo. Ku France, mu 2011, anapeza kuti ana ena a amayi omwe anali ndi atrazine m'thupi ankabadwa ndi mitu yocheperako.

Azakhali: Mayo ine! Nanga tikamawiritsa, kapena kuthira klorini?

Achemwali: Zimenezo zimapha tizilombo basi, azakhali. Mukawiritsa, madzi amauluka ngati nthunzi, mankhwala n'kutsala mumphika. Chomwe chimathandiza ndi sefa ya activated carbon, makala okonzedwa mwapadera kuti azigwira mankhwala, bola tizisintha nthawi yake ikakwana.

Mlamu: Pepani ndilowererepo. Chimandiopsa ine n'choti anyamata akamaliza kupopera amatsukira pampu yopopera pachitsime pomwepo. Madzi oyera mbuu aja amalowa pamng'alu wa simenti, ine ndikuona.

Amalume: Zimenezo sindimazidziwa. Zithe lero. Koma ndikasiya kupopera, udzu wonsewo apalira ndani?

Achimwene: Chigawo chakumunsi chokhacho, amalume, osati munda wonse. Olipira opalira tikhala ife ana, tisonkherana. Ine ndizikatunga madzi akumwa kumjigo wakumtunda mpaka mayi akunyumba atachira.

Azakhali: Ngakhale atachira. Khanda liziyamwa bere lokha miyezi 6, osalipatsa madzi, koma mayi ake azimwabe abwino. Zigubu za mankhwala ziboolidwe, wina asadzatungiremo.

Achemwali: Sefa ndigula ine. Achimwene, mvula yoyamba ikangogwa titapopera mutunge madzi apachitsime m'botolo loyera tikayezetse ku labotale, ndi nthawi yomwe mankhwala amachuluka. Mjigonso tiuyezetse.

Amalume: Chabwino. Simenti yomatira mng'alu ndipereka ine. Mlamu, kuyambira mawa pachitsime paja muzingochapa.

Mlamu: Zikomo, ndamva.