Zoti chamoyo chilichonse chimadalira dzuwa nzoona? Nanga bowa?

NaBanda_Ndirande: Abale ndithandizeni, mwana wanga wa Fomu 1 wabwera ndi nkhani yoti zomera ndi nyama zonse mphamvu zimazitenga ku dzuwa, ati olo fisi woyenda usiku. Za chimanga ndikumva, chikamera pansi pa mango chimangotalika chowonda osabereka, koma nanga bowa womera mumthunzi uja, nanga kampango wa pansi pa nyanja dzuwa amalionera kuti? Ndikufuna ndimuyankhe zenizeni.

Mphunzitsi_Zomba: Mayi mwanayo sakunama. Tsamba lobiriwira limakoka madzi kuchokera ku mizu, limatenga mpweya wa carbon dioxide, kenako ndi kuwala kwa dzuwa limapanga shuga n'kutulutsa oxygen, ndiye photosynthesis imeneyo. Mbuzi ikadya tsambalo yatenga mphamvu ija, fisi akagwira mbuzi nayenso watapako, kungoti imafika yochepa, yambiri mbuzi inathera poyenda ndi kutenthetsa thupi, nchifukwa chake ku Liwonde nswala ndi mbwee koma mikango ndi yowerengeka. Bowa sapanga chakudya yekha. Utale umamera pa chulu chifukwa chiswe chimatutira udzu ndi timitengo touma mkati, bowayo n'kumadya zimenezo, ndelema ndi manyame zimayamwa shuga ku mizu ya mitengo yamtchire ngati miombo ndi misuku. Nchifukwa chake zimandiwawa ndikaona anthu akugwetsa tchire lonse kuotcha makala, bowa ameneyu amapita limodzi ndi mitengoyo.

Msodzi_Msaka: Za kampango ndiyankhe ine amayi. Pamwamba pa madzi pomwe pamafika kuwala pali tizomera ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tizilombo tam'madzi timadya timeneti, usipa umadya tizilomboto, ncheni ndi kampango zimadya usipa ndi tinsomba tina, nkhwazi n'kudzatola zake pamwamba. Mukadzabwera ku Cape Maclear mudzasuzumire pa miyala, mbuna zimakhala zili kalikiliki kupala ndere tsiku lonse, ndipo ndereyo imachuluka posaya pomwe dzuwa limawomba bwino. Nyanja yathuyi ina mbali imazama mamita pafupifupi 700 koma kupyola cha m'ma 250 kulibe oxygen, nsomba sizikhalako, zonse zili m'madzi apamwambawa. Mwera ukaomba nyengo yozizira umavundula madzi apansi okhala ndi chonde n'kuwakweza powala, tizomera tija timaswana, ife timavutika ndi mafunde koma nsomba zimapeza chakudya.

NaBanda_Ndirande: Zikomo aphunzitsi ndi inu bambo, za chiswe zija sindimadziwa olo pang'ono. Ndiye palibiretu chamoyo chosadalira dzuwa?

Mphunzitsi_Zomba: Chilipo koma kutali. Mu 1977 asayansi anapeza akasupe otentha pansi pa nyanja ya Pacific kufupi ndi zilumba za Galápagos, mumdima wa ndiweyani, kumene mabakiteriya amapanga chakudya ndi mphamvu ya mpweya wa sulufule wotuluka m'nthaka, nyongolotsi zazitali ndi nkhanu n'kumadalira iwowo. Mwanayo muuzeni adzale nyemba m'zitini ziwiri, china pawindo china mukabati, azithirira mofanana, pakatha sabata ziwiri ayerekeze mtundu wa masamba.