Mwana wa miyezi 8 sacheuka akaitanidwa: ndi makutu kapena wangochedwa?

Mayi wa ku Chinamwali

Amayi anzanga ndi inu a zachipatala, ndithandizeni. Mwana wa miyezi 8 sacheuka tikamuitana, ndipo "ba-ba-ba" ankachita uja wasiya. Akuluakulu akuti ana aamuna amachedwa. Kodi khanda losamva limadziwika bwanji, nanga kuno ku Zomba tiyambire pati?

Namwino wa ku sikelo

Mayi, kusiya "ba-ba" kumeneko musakuone mopepuka. Khanda losamva nalonso limachita timaphokoso m'miyezi yoyamba, koma poti silidzimva, limayamba kukhala chete. Za ana aamunazo zisiyeni kaye, makutu sasankha mwamuna kapena mkazi.

Mwana asanakwane miyezi 3 amadzidzimuka chitseko chikamenyeka. Pofika miyezi 6 amatembenukira kochokera mawu, ndipo pa chaka amadziwa dzina lake.

Pomuyesa kunyumba, wina amukhazike pamiyendo m'chipinda mopanda wailesi. Inu muime kumbuyo chammbali, pafupifupi mita imodzi, mugogode kapu ndi sipuni pang'onopang'ono, kumanja kenaka kumanzere. Ambiri amalakwitsa powomba m'manja pafupi ndi khutu. Mwana amacheuka chifukwa cha kamphepo, chithunzithunzi chanu kapena kugwedezeka kwa pansi, inu n'kumati akumva. Ngakhale atacheuka, kukaika kwanu n'kokwanira kuti akapimidwe.

Bambo wa za makutu

Tsegulaninso kabuku kake ka kuchipatala. Kodi anabadwa masiku asanakwane, kapena anachedwa kulira? Anadwalapo chikasu chachikulu sabata yoyamba, matenda oumitsa khosi, kapena malungo aakulu okomoka nawo? Anabayidwapo jakisoni wa mankhwala otchedwa gentamicin masiku ambiri? Kubanja kuli wina wosamva chibadwire? Zonsezi mukawauze adokotala.

Yambirani pa chipatala chaching'ono, monga ku Matawale, akulembereni kalata yopita ku Zomba Central. Kupima mozama kumachitika ku Queens ku Blantyre, kuli kiliniki ya makutu. Pali kamakina ka OAE: amalowetsa kansonga kofewa m'khutu mwana ali mtulo kapena akuyamwa, mphindi zochepa basi, sikapweteka. Akalephera pamenepo amamuyeza ndi ABR, yoona ngati mawu akufika ku ubongo. Phula kapena madzi kuseri kwa nembanemba ya khutu zimathanso kumulepheretsa, choncho kupima koyamba si chigamulo.

Akatswiri amafuna vutoli lidziwike pofika miyezi 3, thandizo liyambe pofika miyezi 6. Wanuyu wapitirira, ndiye musadikire tsiku la sikelo. Akapezeka nalo, pali timakina tovala m'makutu komanso chinenero chamanja, chomwe chimafunika kuyamba mwana akadali pamsana.

Mlangizi wa zaumoyo, Domasi

Ndionjezepo za mafinya otuluka m'khutu, poti ndiwo amagonthetsa ana ambiri mwakachetechete. Akatuluka masiku 14 kapena kuposa, khutu lafika poti silingapole lokha. Pindani kansalu koyera kofewa ngati chingwe cha nyali, lowetsani pang'ono, kakanyowa sinthani mpaka khutu liume, katatu pa tsiku, kenaka mudonthezemo mankhwala a kuchipatala. Mkaka wa m'mawere, mafuta ophikira, madzi a masamba, nthenga ya nkhuku, kamtengo ka machesi, zonsezi ayi. Posambitsa madzi asalowemo. Kuseri kwa khutu kukatupa, thamangani naye tsiku lomwelo.

Mwana wanuyu katemera wa chikuku wayandikira, wa pa miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 15. Chikuku nachonso chimaononga makutu.