Kodi okalamba angaonedwe bwanji mano asanayambe kupweteka?

Mdzukulu:
Ndikupempha nzeru kwa amene akudziwa za umoyo wa m'kamwa. Agogo anga amapita kuchipatala mwezi ndi mwezi kukalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi, koma palibe amene amawayang'ana m'kamwa, ndipo iwo amanena kuti kuguluka mano ndi ukalamba basi. Kodi pali chimene tingachite mano otsalawo asanafike pozulidwa?

Namwino Wopuma:
Zikomo pofunsa, mwanawe. Maganizo a agogowo ndi ofala, koma ukalamba paokha sugulula dzino. Chimene chimaligulula ndi kuola ndiponso matenda a nkhama. Lipoti la mu 2022 la WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, linasonyeza kuti pafupifupi anthu 23 pa 100 alionse a zaka 60 kapena kuposerapo alibiretu dzino ngakhale limodzi, ndipo zambiri mwa izi zikanapeweka.

Muwafunse ngati m'kamwa mwawo mumauma, chifukwa mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amachepetsa malovu, pamene malovu ndi amene amatsuka mano ndi kuwateteza. Komanso munthu akamakula nkhama zimabwerera m'mbuyo, n'kusiya poyera mizu ya mano, yomwe ndi yofewa ndipo imaola msanga kuposa pamwamba pa dzino. Asasiye mankhwala a kuthamanga kwa magaziwo mwa iwo okha, koma auze dokotala, azimwa madzi pafupipafupi, ndipo azitsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, chinthu chimene chimalimbitsa mano. Akatsuka azingolavula osachukucha ndi madzi, kuti mankhwalawo akhalitse pa mano.

Wosamalira Okalamba:
Ndiwonjezerepo za manja. Okalamba ambiri amene ali ndi nyamakazi amalephera kugwira mswachi mwamphamvu, ndiye amangopukuta mano a kutsogolo, a kumbuyo n'kutsala osakhudzidwa. Kukulunga kansalu pa chogwirira kuti chinenepe kumathandiza kwambiri. Ngati ali ndi mano oikirira, aziwavula usiku ndi kuwatsuka. Chilonda cha m'kamwa chimene sichikupola pakatha milungu iwiri chionedwe kuchipatala mwamsanga, makamaka kwa amene amasuta fodya kapena kumwa mowa, popeza khansa ya m'kamwa imatha kuyamba motero.

Bambo wa Zaumoyo:
Mayi namwino anena zoona, komabe ine chimandipweteka ndi chakuti udindo wonse timausiyira banja. Madokotala a mano ndi ochepa, ambiri ali m'mizinda, ndipo wokalamba amene amayenda movutikira sangapite kutali chifukwa cha dzino limene silikumupweteka. Nzeru ndi kuika ntchito yoona m'kamwa pamene okalambawo amafika kale, monga pa tsiku la odwala shuga, poti shuga amakulitsa matenda a nkhama ndipo nkhama zodwala zimavutitsa kutsitsa shuga. Mu 2021 WHO inaika mankhwala a mano otchedwa silver diamine fluoride pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Amangopakidwa pa dzino loola n'kuletsa kuolako popanda kuboola, ngakhale kuti amadetsa malo opakidwawo. Inu mdzukulu, pa ulendo wotsatira mupemphe kuti agogo aonedwe m'kamwa ndi kupatsidwa kalata yopita kwa dokotala wa mano.