Wodwala kolera wathawira ku Milange ku Mozambique, ma contact (anthu amene anakhala naye pafupi) titani?

HSA (mlangizi wa zaumoyo) wa ku Muloza, m'malire a Malawi ndi Mozambique:
Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Dzulo tinalandira mayi wotsegula m'mimba, madzi okhaokha ngati otsukira mpunga, RDT (kachipangizo koyezera kolera mwachangu) positive. Kwawo ndi tsidya, amadzagulitsa nyemba pa Limbuli. Atangopezako bwino ndi drip, abale amukweza pa kabaza usiku, ulendo ku Milange. Line list (mndandanda wa odwala) ndili nayo koma ma contact onse ali uko. Mnzathu wa zaumoyo wa tsidya amene tinkaimbirana naye anasamutsidwa, nambala sikulowanso. Misonkhano ya cross-border inaima chithereni ndalama za project. Ndiuze ndani?

AEHO (woyang'anira ma HSA) wa ku Thyolo:
Lembani fomu ipite kwa IDSR coordinator (woyang'anira kalondolondo wa matenda m'boma), iwo atumize ku PHIM (nthambi ya unduna wa zaumoyo yoona za miliri). IHR 2005, malamulo a zaumoyo a pakati pa mayiko, imati mayiko amauzana kudzera kwa focal point, ofesi yosankhidwa m'dziko lililonse. Palibe njira ina.

Namwino wamkulu:
Achimwene, uthenga ukamazungulira ku Lilongwe, Maputo, Quelimane mpaka Milange, mudzi wonse wamwa kale pachitsime chomwecho. Nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 ife tinkatuma anyakwawa, poti Alomwe a mbali zonse ziwiri ndi pachibale, maliro amalirira limodzi. Tsiku lomwelo uthenga unkafika.

AEHO wa ku Thyolo:
Amayi, anyakwawa si focal point.

Clinical officer:
Zinawavutanso a ku UK. Atatuluka mu EU mu 2020 anatulukanso mu ECDC, bungwe la EU loona za miliri, komanso mu EWRS momwe mayiko a EU amachenjezanamo za miliri. M'pangano la December 2020 anachita kulembamo kuti mliri ukabuka akhoza kupempha kuti alowemo, ndipo mu 2021 UKHSA, bungwe la UK loona za miliri, inasainirana MoU (chikalata cha mgwirizano) ndi ECDC. Iwo anateteza njirayo papepala, ife tikudalira foni ya munthu mmodzi. Kumbukirani polio ya 2022: inapezeka February ku Lilongwe, May n'kupezekanso ku Tete ku Mozambique.

Namwino wamkulu:
Koma mwanawe usawoloke wekha ndi yunifomu ndi chidebe cha HTH (klorini wothira m'madzi). Ku Mozambique azaumoyo anamenyedwapo pothira mankhwala m'zitsime, anthu atasokoneza "cloro" (klorini) ndi "cólera" nkumati akubweretsa matendawo. Ndipo dzina la mayiyo lisalowe pa gulu la WhatsApp.

AEHO wa ku Thyolo:
N'chifukwa chake ndikuti fomu. Zikavuta tsidya adzakufunsani kuti anakutumani ndani.

HSA wina:
Inu mukadali ndi HTH kumeneko? Kuno yatha, stock solution (klorini wosungunula kale) tasiya kugawa sabata yachiwiri ino.